Phunziro la Zaumoyo: Misozi Yosatha m'Maso ndi Kumene Thandizo Limapezeka

Pachikhalidwe chathu misozi ili ndi malo ake. Timaiyembekezera pamaliro, pamene mwana wagwa, kapena pamene utsi wadzadza m'khitchini. Koma m'midzi ndi m'misika ya boma lathu muli anthu amene maso awo amalengeza misozi tsiku ndi tsiku popanda chisoni chilichonse. Ena amayenda ndi kansalu m'manja kopukutira m'maso, ndipo ena adazolowera kupukuta ndi nsonga ya chitenje. Ambiri amangoti ndi ukalamba kapena fumbi, ndipo amatha miyezi ngakhale zaka asanaonane ndi wachipatala.

Nkhaniyi ikukhudza chitukuko mwachindunji. Telala amene maso ake adzadza misozi amavutika kulowetsa ulusi m'singano. Wakabaza saona bwino msewu, ndipo mwana wasukulu amalephera kuwerenga zapabolodi. Choopsa kwambiri n'chakuti nthawi zina misozi imakhala chizindikiro choyamba cha nthenda imene ingathe kuchititsa khungu. Phunziro lino likufotokoza mmene misozi imagwirira ntchito, zimene zimaichulukitsa, zizindikiro zosafunika kugonera, ndi njira yopezera thandizo kuyambira m'mudzi mpaka ku chipatala chachikulu.

Kasupe ndi ngalande

Diso la munthu wamoyo limakhala lonyowa nthawi zonse, ngakhale pamene sakulira. Misozi imapangidwa ndi kachiwalo kamene kali kuseri kwa chikope chapamwamba, chakumbali yoyang'ana kukhutu. Ntchito yake ndi kutsuka fumbi, kupha tizilombo tina toyambitsa matenda, ndi kusalalitsa kachikopa koonekera kakutsogolo kwa diso, kamene m'phunziro lino tikutcha galasi la diso. M'mphepete mwa zikope mulinso tiziwalo ting'onoting'ono totulutsa mafuta amene amayandama pamwamba pa misozi kuti isaume msanga. Munthu akaphethira, zikope zimamwaza misoziyo padiso lonse.

Misozi ikagwira ntchito yake imachoka kudzera m'timabowo tiwiri tili pangodya ya diso pafupi ndi mphuno, kena pachikope chapamwamba, kena pachikope chapansi. Kuchokera pamenepo imalowa m'kathumba kakang'ono kali m'mbali mwa mphuno, kenako imatsika ndi kanjira kopapatiza kukathira m'kati mwa mphuno. N'chifukwa chake munthu akamalira amatulukanso mamina.

Tingafanizire zonsezi ndi kasupe ndi ngalande. Madzi amasefukira pazifukwa ziwiri: kasupe akatulutsa madzi ochuluka kuposa amene ngalande ingathe kunyamula, kapena ngalandeyo ikatsekeka. Maso otuluka misozi amatsata lamulo lomweli, ndipo funso loyamba limene wachipatala amafuna kuyankha ndi lakuti vuto lili ku kasupe kapena ku ngalande.

Zimene zimachulukitsa misozi

Choyamba ndi utsi ndi fumbi. Mabanja ambiri amaphikira nkhuni pamafuwa, kawirikawiri m'khitchini yopanda zenera, ndipo amayi ndi ana amene ali kumbuyo ndiwo amakhala mu utsiwo maola ambiri. Owotcha njerwa, osankha fodya m'zigafa, ogwira ntchito pachigayo ndi ophwanya miyala nawo amakumana ndi vuto lomweli. Limakula m'chilimwe, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, pamene fumbi ndi utsi wa tchire lopsa zimadzadza mumlengalenga.

Chachiwiri ndi kusayanjana kwa thupi ndi zinthu monga fumbi, mungu wa maluwa kapena ubweya wa ziweto. Chizindikiro chake chachikulu ndi kuyabwa m'maso onse awiri. Vutoli limapezeka kwambiri mwa ana, makamaka anyamata, ndipo mbali yoyera ya maso awo imasanduka yofiirira ngati dothi. Silopatsirana, ndipo mwa ana ambiri limachepa akamakula, koma likakula limatha kuyambitsa zilonda pagalasi la diso.

Chachitatu ndi matenda opatsirana a maso ofiira. Ambiri tikukumbukira mliri wa nthendayi umene udabuka ku Karonga mu Febuluwale 2024 n'kufalikira m'maboma ambiri. Nthawi zambiri imayamba ndi kachilombo ka mtundu wa vairasi ndipo imatha yokha pakapita sabata imodzi kapena ziwiri. Imafala kudzera m'manja, m'mathaulo ndi m'zitenje zobwerekana. Kungoyang'anizana ndi wodwala sikupatsira nthendayi.

Chachinayi ndi kachitsotso kapena chilonda. Mankhusu a mpunga, gaga, mchenga kapena kachitsulo kouluka ponola khasu zimatha kubisala pansi pa chikope chapamwamba n'kumakanda diso nthawi iliyonse munthu akaphethira. Tsamba la chimanga kapena kamtengo kakakanda galasi la diso, kabala kakang'onoko kamatha kulowa tizilombo n'kusanduka chilonda chachikulu m'masiku ochepa. Owotcherera zitsulo popanda magalasi oteteza amapsa maso ndi kuwala, ndipo ululu ndi misozi zimayamba patapita maola angapo, kawirikawiri usiku.

Chachisanu ndi nsidze zopindikira m'kati. Tsitsi la m'mphepete mwa chikope likatembenukira ku diso limakanda galasi usana ndi usiku mpaka galasilo lichita zipsera zoyera. Kwa zaka zambiri chimene chinkayambitsa kwambiri vutoli kuno kwathu ndi nthenda ya trachoma. Mu Seputembala 2022 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidalengeza kuti Malawi wathana ndi trachoma monga vuto la umoyo wa anthu ambiri, ndipo lidali dziko loyamba kum'mwera kwa Africa kufika pamenepa. Komabe achikulire ena amene adadwala nthendayi mobwerezabwereza ali ana adatsala ndi zipsera m'zikope, ndipo nsidze zawo zimatha kupindika ngakhale lero. Kuzula nsidzezo kumangopumitsa ululu kwa masiku ochepa chifukwa zimameranso. Opaleshoni yaing'ono yowongola chikope ndiyo imateteza diso.

Chachisanu ndi chimodzi chimadabwitsa ambiri: maso ouma nawo amatuluka misozi. Pamene tiziwalo ta mafuta tatsekeka, misozi imauma msanga, diso limamva ngati muli mchenga, ndipo kasupe amayankha potulutsa madzi ambiri nthawi imodzi. Zimenezi zimachitikira kwambiri achikulire, amayi amene adasiya kusamba, ndi anthu amene amayang'ana foni kapena kompyuta nthawi yaitali, pakuti munthu akatero amaphethira mochepa.

M'maboma monga Thyolo, Mwanza, Neno ndi Mulanje mulinso nthenda yofalitsidwa ndi tintchentche takuda toswana m'mitsinje yothamanga. Imayambitsa kuyabwa kwa khungu la thupi ndipo imatha kufika m'maso. Okhala m'madera amenewa asamaphonye mankhwala a Mectizan amene amagawidwa m'midzi.

Zimene zimatseka ngalande

Mwa akuluakulu kanjira kopita m'mphuno kamatha kuchepa kapena kutsekeka chifukwa cha ukalamba, matenda obwerezabwereza a m'mphuno, kapena kuvulala pankhope. Kawirikawiri diso limodzi lokha ndilo limatuluka misozi, silifiira kwenikweni, ndipo misozi imayenderera patsaya makamaka kukakhala mphepo. Misozi ikakhalitsa m'kathumba kaja imaola. Pangodya ya diso pamatupa, ndipo pakasindikizidwa ndi chala mafinya amabwerera m'diso. Kutupako kukafiira ndi kuwawa, wodwala ayenera kulandira mankhwala msanga. Kutsekeka kokhalitsa kumathetsedwa ndi opaleshoni yotsegula njira yatsopano kuchoka m'kathumbako kulowa m'mphuno.

Nthawi zina ngalande imakhala yotseguka koma chikope ndicho chalekerera. Chikope chapansi cha munthu wokalamba chimatha kulendewera n'kutembenukira kunja, motero kabowo kolandira misozi sikakhudzanso diso. Zoterezi zimachitikanso pamene mbali imodzi ya nkhope yafooka chifukwa cha matenda a mitsempha kapena khate. Diso limene silitsekeka bwino pogona lili pangozi youma ndi kuchita chilonda, ngakhale masana limaoneka lodzadza misozi.

Makanda ndi ana aang'ono

Makanda ambiri amabadwa kanjira ka misozi kasanatseguke kumapeto kwake. Pakapita masabata angapo mayi amaona diso likulengeza misozi ndi manthongo, koma mbali yoyera ya diso ili bwinobwino ndipo mwana sakuvutika. Pafupifupi ana 9 mwa 10 aliwonse otere amachira okha asanakwanitse chaka chimodzi. Namwino amaphunzitsa mayi kusisita pangodya ya diso ndi chala choyera, motsikira m'mbali mwa mphuno, kangapo patsiku. Mwana akapitirira chaka vuto likadalipo, madokotala a maso amatsegula kanjirako ndi kachipangizo kakang'ono.

Pali zinthu zitatu zimene kholo lisasokoneze ndi vuto lopepukali. Khanda losakwana mwezi umodzi limene zikope zatupa ndipo mafinya akutuluka ambiri likhoza kukhala kuti lidatenga tizilombo ta chinzonono pobadwa, ndipo diso lotere limatha kuwonongeka m'masiku ochepa. Ichi n'chifukwa chake anamwino amapaka mankhwala a tetracycline m'maso mwa mwana akangobadwa, ndipo ndi chifukwa chinanso chobereka ku chipatala. Mayi ndi bambo a mwana wotere ayeneranso kulandira mankhwala. Chachiwiri, mwana amene akutuluka misozi, akuopa kuwala, ndipo diso lake likuoneka lalikulu kapena lambuu ngati chifunga akhoza kukhala ndi glaucoma yobadwa nayo, nthenda imene madzi a m'kati mwa diso amachuluka n'kuwononga mtsempha woonera. Chachitatu, kadontho koyera pakati pa diso la mwana kakhoza kukhala ng'ala kapena khansa. Zonse zitatuzi n'zofunika kuthamangira nazo ku chipatala tsiku lomwelo.

Chikuku nacho chimayamba ndi kutentha thupi, chifuwa ndi maso ofiira otuluka misozi, ndipo mwa mwana woperewera vitamini A chimatha kuwononga galasi la diso. Katemera wa chikuku amaperekedwa mwana akakwana miyezi 9 ndiponso miyezi 15, pamene vitamini A amaperekedwa miyezi 6 iliyonse kwa ana oyambira miyezi 6 mpaka zaka 5.

Zizindikiro zosafunika kugonera

Munthu wamisinkhu iliyonse apite ku chipatala tsiku lomwelo ngati pamodzi ndi misozi pali chimodzi mwa izi:

- kuona kwachepa kapena zinthu zikuoneka mwachimbuuzi ngakhale atapukuta m'maso;
- ululu waukulu m'diso, makamaka wotsagana ndi mutu kapena kusanza;
- kulephera kutsegula diso pakuwala;
- kadontho koyera pagalasi la diso;
- kuvulala ndi chitsulo, mwala, ndodo kapena minga;
- mafinya ambiri kapena kutupa kwa zikope ndi kutentha thupi.

Chotupa choyera kapena chofiirira chimene chikukula pambali yoyera ya diso chiyeneranso kuonedwa msanga. Zina mwa zotupazi ndi khansa, imene imapezeka kwambiri mwa anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV, ndipo ikachotsedwa ili yaing'ono diso limapulumuka.

Ngati m'diso mwalowa laimu, simenti, madzi a batire, mankhwala opopera mbewu, utomoni wa nkhadze kapena malovu a njoka yolavula, thandizo loyamba lili pamalo pomwepo. Tsegulani zikope ndipo thirani madzi oyera ambiri mosalekeza kwa mphindi zosachepera 20, kenako nyamukani kupita ku chipatala. Mphindi zoyambazo n'zimene zimapulumutsa diso.

Pamene zizindikiro zoopsazi palibe, koma misozi yapitirira masabata awiri kapena imabwerabwera, pitani mukapimidwe. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Zochita pakhomo ndi zoyenera kupewa

Sambani m'manja ndi sopo musanagwire m'maso. Pukutani manthongo ndi kansalu koyera konyowetsa m'madzi owiritsa ozizira, kuchokera chakumphuno kupita chakukhutu, ndipo diso lililonse likhale ndi kansalu kake. Maso oyabwa amapepukidwa ndi kansalu konyowetsa m'madzi ozizira, pamene zikope za maso ouma zimathandizidwa ndi kansalu kofunda kwa mphindi 5 mpaka 10. Pewani kutikita maso. Phikirani pamalo opita mphepo, ndi nkhuni zouma, ndipo ngati n'kotheka gwiritsani ntchito chitetezo mbaula, chimene chimachepetsa nkhuni ndi utsi. Ogwira ntchito ndi zitsulo, miyala ndi mankhwala a mbewu avale magalasi oteteza.

M'diso musalowe mkodzo, mkaka wa m'mawere, madzi a mandimu, shuga, fodya, kachasu kapena madzi ofinyidwa ku masamba ndi mizu. Mkodzo umatha kunyamula tizilombo ta chinzonono, ndipo madzi a zitsamba amatha kuwotcha galasi la diso kapena kulowetsa tizilombo pabala. Kafukufuku wa m'zipatala za kumidzi kuno ku Malawi amene adasindikizidwa mu 1994 adapeza kuti mwa odwala atatu aliwonse amene adabwera ndi matenda a galasi la diso, pafupifupi mmodzi adali atayamba wathira mankhwala achikuda.

Chenjezo lomwelo likukhudza mankhwala achizungu ogulidwa pamsika kapena obwereka kwa mnansi. Mankhwala odontheza okhala ndi dexamethasone, prednisolone kapena betamethasone amayeretsa diso msanga, ndipo n'chifukwa chake anthu amawakonda. Koma akathiridwa pachilonda amachikulitsa, ndipo akagwiritsidwa ntchito miyezi yambiri popanda kupimidwa amayambitsa ng'ala ndi glaucoma. Khungu la glaucoma silibwezeka. Mankhwala amene adathandiza mnzanu akhoza kukuphani diso, pakuti misozi imafanana koma zoyambitsa zimasiyana. Safunsa adadya phula.

Kumene thandizo limapezeka

Poyambira ndi kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Iye sapima maso mozama, koma amadziwa zizindikiro zoopsa, amadziwa masiku amene ogwira ntchito za maso amayendera dera lanu, ndipo adzakuuzani kopita. Uphungu umapezekanso kwaulere kudzera ku Chipatala cha pa Foni, ntchito imene idayambira ku Balaka mu 2011 ndipo tsopano ili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo.

Chipatala chaching'ono cha m'dera lanu chimathandiza matenda wamba monga maso ofiira ndi kuyabwa, ndipo chimalemba kalata yotumiza wodwala ku chipatala cha boma ngati vuto likufuna zida kapena luso loposa.

Ku chipatala cha boma funsani chipinda cha maso. Kumeneko kumakhala wachipatala amene adachita maphunziro apadera a maso. Iye amayesa kaonedwe kanu pa tchati cha zilembo, amatembenuza chikope kufunafuna kachitsotso kobisala, ndipo amadontheza mankhwala achikasu amene amaonetsa chilonda pagalasi la diso. Ngati pakuganiziridwa kuti ngalande yatsekeka, amathira madzi a mchere kudzera m'kabowo ka pachikope. Wodwala akamva madziwo kukhosi, njira ili yotseguka, koma akabwerera m'diso ndiye kuti yatsekeka. Kupima kumeneku kumatenga nthawi yochepa ndipo diso limayamba ladonthezedwa mankhwala oletsa ululu.

Mavuto ofuna dokotala wamkulu wa maso amatumizidwa ku zipatala zazikulu zinayi: Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba Central ndi Mzuzu Central. Pa Queen Elizabeth ndi pa Kamuzu Central pali zipatala za maso zodziwika ndi dzina la Lions Sight First. Chipatala cha mishoni cha Nkhoma ku Lilongwe nacho n'chodziwika pa ntchito za maso. Thandizo m'zipatala za boma ndi laulere, pamene zipatala za pansi pa CHAM ndi zoyima pazokha zimalipiritsa, motero ndi bwino kufunsiratu mtengo.

Popita tengani buku lanu la kuchipatala, kalata yotumizira, magalasi ngati mumavala, ndi mabotolo a mankhwala onse amene mwathira m'maso. Nenani zoona ngakhale mutathira mankhwala achikuda, pakuti wachipatala akadziwa chimene chidalowa m'diso amasankha bwino mankhwala. Fotokozani kuti vuto lidayamba liti, ndi diso limodzi kapena onse, muli kuyabwa kapena ululu, ndiponso ngati muli ndi matenda a shuga kapena mukumwa mankhwala ena. Wokalamba apite ndi womuperekeza chifukwa mankhwala ena opimira amachititsa chimbuuzi kwa maola angapo.

Udindo wa atsogoleri ndi makomiti

Kuyambira pamene mphamvu zidapita kwa anthu kudzera mu lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998, ntchito zaumoyo m'boma zili pansi pa khonsolo, ndipo mawu a anthu amafika kumeneko kudzera m'makomiti a VDC ndi ADC. Makomitiwa angathe kulemba mayina a achikulire amene ali ndi nsidze zopindika kapena misozi yosatha ndi kuwapereka kwa mlangizi wa zaumoyo, kupempha kuti ogwira ntchito za maso ayendere madera akutali, ndi kugwirizana za mayendedwe a odwala osowa. Mafumu ndi atsogoleri a mipingo alengeze masiku a maulendowa pamisonkhano. Aphunzitsi aone mwana amene amatikita maso kosalekeza kapena kusendera pafupi ndi bolodi, ndipo adziwitse makolo ake. Asing'anga nawo ali ndi gawo lalikulu: sing'anga amene watumiza wodwala maso ku chipatala osamuthira kanthu m'diso wapulumutsa diso limenelo.

Tisaiwale kuti ntchentche zimene zimafalitsa trachoma zimaswana m'chimbudzi cha munthu chosiyidwa poyera. Chimbudzi pakhomo lililonse, mjigo wogwira ntchito ndi nkhope zosamba za ana ndizo zidzateteze chipambano cha 2022. Tsiku loganizira za maso padziko lonse limakumbukiridwa Lachinayi lachiwiri la Okutobala chaka chilichonse, ndipo ndi nthawi yabwino yoti komiti iliyonse iike nkhani ya maso pandandanda wa zokambirana.

Mafunso okambirana pamsonkhano wa m'mudzi

1. Kodi misozi imachuluka m'maso pazifukwa ziwiri ziti, ndipo zitsanzo zake m'mudzi mwathu ndi ziti?
2. Ndi zizindikiro ziti zimene zimafuna kuti wodwala apite ku chipatala tsiku lomwelo?
3. Kodi anthu a m'dera lathu amathira chiyani m'maso asanapite ku chipatala, ndipo ndani angalankhule nawo?
4. Ndi angati m'mudzi mwathu amene ali ndi misozi yosatha koma sadapimidwepo, ndipo ndani adzawaperekeza ku chipatala mwezi uno?